Theka la Piritsi la Ezron

Ku Chikomeni mukafunsa za Faides, anthu amayamba akanda kaye m'mutu. Koma mukati NyaMtonga wolota masana, aliyense akulozerani njira. Ndi mayi wamfupi, wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, woyenda pang'onopang'ono ngati wasenza ndowa yodzaza. Chiyambire utsikana wake amatha kuima pakati pa munda, khasu lili m'manja, maso ali ku mitambo, mpaka mnzake atamaliza mzere n'kubwerera kudzamugwedeza. Mukamufunsa chimene waona amangoti palibe, n'kumwetulira. Amayi ake anayesa kumukalipira, anayesa kumupempherera, kenako anangomuleka.

Komatu maso olotawo anali ndi ntchito yake. Pa kusankha fodya panalibe womuposa m'dera lonselo. Tsamba limene ena ankangoti ndi lofiira, iye ankaonamo mitundu inayi, ndipo tsamba loyamba kuola ankalizindikira lisananunkhe. Alimi ankalimbirana kumuitana, ndipo ankakhala m'zigafa zawo kuyambira m'mawa, miyendo atatambasula, akusanja masamba ndi kuwamanga timitolo timene alimi a fodya amati mindindi. Ntchitoyi imafuna munthu wosapupuluma, ndipo kupupuluma Faides sanabadwe nako.

Anakwatiwa ndi Ezron, mlimi wa tsidya la mtsinje wa Chamatope, mwamuna wamtali, waphokoso, wopatsa mopanda mabuleki. Ezron ndi munthu uja amabwereketsa njinga mwini wake n'kuyenda pansi. Anabereka ana atatu, woyamba Danwell, ndipo onse anakula n'kupita kukayamba makomo awo. Ana atachoka, m'nyumbamo munalowa matenda a shuga. Kuchipatala cha ku boma anamupatsa Ezron mapiritsi oyera, akuluakulu, limodzi m'mawa lina madzulo, namuuza kuti adzamwa moyo wake wonse. Mwezi uliwonse ankapalasa njinga kuwoloka mlatho kukatenga ena, ndipo zinayenda choncho zaka zisanu ndi chimodzi.

Kenako kunabwera chaka chimene mvula inagwa masiku asanu ndi anayi osapumira. Chamatope anakwiya n'kunyamula mlatho, ndipo a tsidyalo anatsala okha. Thandizo linabwera ndithu, tisanamizire anthu: ufa, nyemba, mafuta ophikira, maneti a udzudzu, zonse zinawoloka pamutu. Koma palibe anakumbukira kuti shuga sadikira mlatho. Kachipatala ka tsidyalo kanali ndi namwino, koma mapiritsi oyera aja munalibe. Mapiritsi a Ezron anatha sabata yachiwiri, ndipo sabata yachisanu mwamuna waphokosoyo anagona pamphasa.

Amayi a kutchalitchi anabwera kudzazonda matenda monga mwa mwambo wathu wabwino, wina ndi mabanzi, wina ndi botolo la chakumwa chotsekemera, wina ndi thobwa lothira shuga wosaumira. Kukana cha wozonda ndi mwano, ndipo Ezron sanakhumudwitsepo munthu chibadwire. Anamwa zonse, akuthokoza. Chikondi chimenecho chinatsala pang'ono kumuika m'manda. Kachilonda ka chitsa kuphazi lamanzere kanakula, kanada, kanayamba fungo.

Amene anamubereka kumsana n'kuwoloka naye madzi olekeza m'chifuwa anali Mateyu, wantchito wawo wochokera kutsidya kwa malire, ku Kasungu ku Malawi. Anali bambo wa imvi, wosayankhulayankhula, amene ankagona m'kanyumba ka kuseri kwa chigafa. Ku boma anamudula Ezron zala ziwiri za kuphazi. Dokotala anamuitanira Faides pambali.

"Amai, mveleni bwino," anatero dokotalayo. "Akalumphanso mankhwala, olo kumwa mochepa, tizajuba mwendo uyu, kuudula pa bondo. Sinikuyofyani, nikuuzani chabe."

Faides anatuluka n'kukakhala pa benchi ya panja. Sanalire. Maso anapita kumene amapita nthawi zonse, ndipo anayamba kuyankhula ndi mtsikana wa magalasi amene anakhala pafupi naye, osamuyang'ana n'komwe.

"Ine naona lole ya ufa," anatero. "Iyenda pamwamba pa madzi monga bwato. Pamwamba pa masaka pali kabokosi kang'ono ka mapilisi. Kang'ono chabe, sikalema olo pang'ono. Nanga chikanga n'chani?"

Mtsikanayo anali Racheal. Ankagwira ntchito ku kabungwe kena ka pa boma, kolankhulira anthu a matenda okhalitsa monga shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu ndi mphumu, kuti asamaiwalidwe pakagwa ngozi ya madzi kapena chilala. Analemba dzina la Faides m'foni, ndipo patapita chaka ndi miyezi, mu Ogasiti, anatulukira pakhomo pa njinga yamoto, fumbi lili m'nsidze. Anabwera kudzamuitana ku ntchito imene ku ofesi amati ya intani, kutanthauza munthu wophunzira ntchito akuigwira, kwa miyezi yowerengeka. Ntchito zotere amapatsa ana a ku koleji a nsapato zosongoka. Faides analekera sukulu giredi seveni.

Ezron anaseka mpaka kutsokomola. "NyaMtonga, muyende! Mukawalotele ma bwana kumeneko. Ine nili na a Mateyu, sinizafa na njala."

Ofesiyo inali ya zipinda ziwiri, kuseri kwa msika, pafupi ndi chigayo chimene chinkanjenjemeretsa matebulo. Pakhoma panali mapu a boma lonse la Lundazi. Faides anali asanaonepo kwawo kuchokera kumwamba, ndipo tsiku loyamba anaima pamapupo nthawi yaitali. Chamatope anali kaulusi kabuluu, kofatsa, kopanda mlandu. Anaikapo chala, ndipo zinangokhala ngati chalacho chanyowa. Anamva mkokomo wa madzi, anaona mitengo ikuyandama mizu ili m'mwamba, anaona mwamuna wake ali pamsana pa Mateyu, mutu ukulendewera. Chigayo chitazima m'pamene anazindikira kuti Racheal wamuitana katatu.

Racheal anamufotokozera ntchito. Mu Novembala kudzakhala msonkhano wa komiti yokonzekera ngozi zadzidzidzi. Kabungweko kankafuna kukapempha kuti mvula isanayambe, mankhwala a miyezi itatu akasiyidwiretu ku tizipatala timene madzi amatidula, kuyambira tsidya la Chamatope.

"Koma amama, komiti siimvela misozi," anatero Racheal. "Imvela nambala. Mutipezele nambala ya odwala onse a kwanu, mankhwala azapimila pa nambala yamene iyo."

Anamupatsa mafomu, bolopeni ndi njinga. Funso loyamba pa fomu linali lakuti kodi pakhomo pano pali wodwala. Amene analemba funsolo sanakulire kumudzi. Kwathu wodwala ndi amene wagona pamphasa, anthu akumuzonda. Amene wapita kumunda sakudwala, ngakhale mutu ukugunda ngati mtondo. Ndiye pakhomo lililonse Faides ankalandiridwa bwino, monire monire, mpando, madzi akumwa, kenako yankho limodzi: tili makora, tonse tili bwino. Sabata yathunthu anayenda makomo makumi asanu ndi limodzi n'kupeza odwala atatu, ndipo mmodzi mwa iwo linali dzino.

Chinamupulumutsa ndi chizolowezi chake chomwe chija. Tsiku lina atakhala pakhonde la nkhalamba ina, mwini nyumba akulongosola za mbuzi, maso a Faides anakwera m'mwamba n'kukaima mu udzu wa denga. Munali motsomekedwa timatumba ta pulasitiki, tija amaikamo mapiritsi kuchipatala, topanda kanthu, tambirimbiri. Anthu athu satayatu kathumba. Wina amasungiramo mbewu ya tomato, wina singano, wina amangosunga. Ndipo pa kathumba kalikonse panali dzina la mwini wake, tsiku, ndi dzina la mankhwala.

Kuyambira tsikulo analeka kufunsa za wodwala. Ankangoti, "Odi, ningapempheko tumapepala utu twa m'denga?" Mwini wake akatitsitsa, nkhani inkatsika nato pamodzi: mmene mutu unayambira, mmene anagwera pa moto, mmene anapumira ngati mphaka chaka cha madzi chija. Madzulo Faides ankayala chitenje pansi n'kusanja timatumbato monga ankasanjira fodya, ta shuga pawokha, ta magazi pawokha, ta khunyu, ta mphumu, n'kutimanga mindindi ndi ulusi. Racheal ankawerenga maina n'kulowetsa mu kompyuta.

Inali miyezi yokoma, ndipo Faides amavomera yekha kuti anaikonda. Okutobala wa ku Lundazi amaotcha mpaka msewu kumanjenjemera patsogolo, mitengo ya mango n'kumaoneka ngati yaima m'madzi. Iye ankapalasa pang'onopang'ono m'chifunga cha kutenthacho, nyenje zikulira mbali zonse, mindindi ikulendewera ku handulo. Nthawi zina sankadziwa ngati akuyenda kapena mudzi ndi umene ukubwera. Ankaganiza za anthu onse aja akumeza mapiritsi m'mawa umodzi, aliyense pakhonde lake, osadziwana, mazana a makosi akugwedezeka nthawi imodzi. Ankadziona ataima pamaso pa mabwana, mawu akutuluka okha osalala. Pofika kumapeto kwa mweziwo nambala inakwana: anthu zana limodzi ndi khumi ndi anayi. Lipoti linasindikizidwa, ndi chithunzi cha mindindi pachikuto.

Msonkhano unali Lachinayi. Loweruka, kutatsala masiku asanu, Faides anapita kwawo. Miyezi yonseyi ankagona ku boma kwa mlamu wake, kunyumba n'kumangodutsa ngati mlendo, ndipo m'denga la kwake anali asanayang'anemo. Dzina la Ezron analilemba la pamtima, poti nanga mwamuna wako yemwe n'kumufunsanso? Anafika dzuwa litapendeka. Pakhomo panali zii, nkhuku zokha. Anatsamiritsa njinga n'kuzungulira ku chigafa.

Anawapeza atakhala pa chipika, Ezron ndi Mateyu, kapu imodzi ya madzi ili pakati pawo. Ezron anaika piritsi loyera pa kathabwa, anatulutsa kampeni m'thumba, nalidula pakati mwaluso la munthu wozolowera. Theka anameza yekha, theka anapatsa Mateyu, amene analilandira ndi manja awiri.

"Awiske Danwell," anatero Faides kwa mwamuna wake, mawu ali pansi, "n'chani chamene nikuona?"

Mateyu anaimirira, chipewa chili m'manja. Ezron anayesa kuseka koma kuseka sikunagwire.

"NyaMtonga, khalani pansi. Munthu uyu ananipapa kumsana madzi ali m'chifuwa. Manje nimuone auma pakhosi, ayonda, nyelele zimukonkha kuseli kwa nyumba monga zinanikonkhela ine, ndiye nizimeza nekha? Tidya mbale imodzi. Mchele akasowa nimupatsa. Nanga pilisi ni chani?"

"Munayamba liti?"

"Mu Juni."

"Mayi, ine ndinakana," anatero Mateyu, maso ali pansi. "Koma abambowa mukuwadziwa. Kuchipatala ndingapite bwanji? Ine kuno ndinalowera njira ya m'tchire, pepala ndilibe. Akandifunsa n'kundibweza kwathu, ana anga ndiwauza chiyani?"

"Si ise tekha," anawonjezera Ezron, ngati zimenezo zichepetsa mlandu. "Kwa a Mathews achita chimodzimodzi na wanchito wawo. Kwa a Mapopa naonso, a bipi aja. Tonse tigawana."

Faides anagwada n'kumasula nsalu ya kuphazi la mwamuna wake. Pafupi ndi chipsera khungu linali lowala, lakuda pang'ono m'mbali. Wina akanati ndi fumbi. Koma iye anatha zaka makumi atatu akuyang'ana masamba, ndipo mtundu umenewo ankaudziwa: tsamba loyamba kuolera mkati mwa belo. Anafuna kukalipa, koma akalipire chiyani? Chimene chinkadya phazilo ndi chomwecho chimene anamukondera mwamunayu ali mnyamata. Anamanganso nsaluyo bwinobwino.

Lamulungu ndi Lolemba anayendanso makomo omwe aja, koma tsopano ankadutsa nyumba n'kupita kuseri, ku tinyumba ta antchito. Kumeneko kunalibe timatumba m'denga. Kunali matheka a mapiritsi okulungidwa m'mapepala a kope, m'mabokosi a machesi, m'mphepete mwa chipewa. Anapeza anthu makumi atatu ndi mmodzi, ambiri a ku Kasungu, onse akukhalira theka la mabwana awo. Sanalembe dzina ngakhale limodzi, chifukwa onse anamupempha asalembe.

Lachiwiri anafika ku ofesi n'kumuuza Racheal zonse. Mtsikanayo anavula magalasi n'kugwira pamphumi.

"Amama, lipoti tinapeleka kale. Mukakamba za anthu alibe mapepala, komiti ingakane zonse, ati nkhani yalowa kwina. Na a Mateyu anuwo mungawaike m'mavuto. Fodya wako ni wa pamphuno, amama. Titenge cha anthu handiledi na fotini, zinazo chaka cha mawa."

Racheal sankanama, ndipo sanali wouma mtima. Anali atagwirira ntchito msonkhano umenewu zaka ziwiri. Faides anayang'ana mapu aja pakhoma.

"Mwana wanga, bokosi ikabwela ya anthu handiledi na fotini, awiske Danwell azatenga gawo yawo na kujuba pakati. Nikabisa mpeni azajuba na mano. Mwendo uzayenda, mankhwala ali m'nyumba. Nanga ine n'nabwelela chani kuno?"

Chigayo chinalira nthawi yaitali. Kenako Racheal anavala magalasi ake.

"Mamineti faivi a pa msonkhano ni anu," anatero. "Ine sinizakugwilani pakamwa. Koma mtima wanga uli m'mwamba."

Lachinayi chipinda cha msonkhano chinadzaza. Panali tebulo lalitali, mabotolo a madzi, anthu a zaumoyo, a zaulimi, abusa awiri, ndi bambo wina wa yunifolomu amene Faides anapewa kumuyang'ana m'maso. Racheal anayankhula Chingerezi chake, kenako anaitana intani wake. Ena anamwetulira poona mayi wa duku akudzuka. Faides anayala mindindi ija patebulo, ya shuga, ya magazi, ya khunyu, ya mphumu, ndipo anthu anaigwiragwira, akuseka, akugwedeza mitu. Nkhani inali itapsa kale. Akanangoti yewo n'kukhala pansi, bokosi likanapita.

M'malo mwake maso ake anatuluka pazenera. Kum'mawa, mbali ya ku Malawi, mitambo inali itaunjikana, yoyera pamwamba, yakuda kumimba, ikubwera osafunsa njira kwa munthu. Anaiyang'ana mpaka chipinda chinati zii. Racheal anatsokomola kawiri. Wapampando anayang'ana wotchi.

Faides anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa piritsi limodzi loyera ndi mpeni wa kukhitchini, nalidula pakati pamaso pa onse.

"Mabwana, nambala yamene takupatsani ni yabodza. Ine n'nalemba, ndiye ine nikamba. Kuseli kwa anthu aba kuli ena sate-wanu, anchito a m'minda ya fodya. Ayopa chipatala chifukwa alibe mapepala. Manje eni minda agawana nawo mankhwala, so, pakati. Onse awili amwa, onse awili sapola. Amuna anga anajubiwa kale zala ziwili, ndipo akali kugawa. Mungawakalipile, ine nayesa. Kwathu munthu samadya mnzake alikuyang'ana. Mukatuma ya anthu handiledi na fotini, mwatuma hafu."

Wa yunifolomu uja anawerama. "Amai, anthu amenewo ali kuti? Maina muli nawo?"

"Maina naiwala, bwana. Ine nilota maningi, funsani aliyense ku Chikomeni."

Wina anaphulika kuseka, wina anamenya tebulo, ndipo mkangano unayamba. Unatenga ola lathunthu. Ena ankati mankhwala ndi ochepa kale, ena ankati malamulo ndi malamulo, m'busa mmodzi anatsegula Baibulo. Faides anakhala pansi akudziwa kuti mwina wataya zonse ndi pakamwa pake. Racheal sankamuyang'ana. Pamapeto pake anadzuka mayi wina wa zaumoyo, wa imvi.

"Ise tipima magazi," anatero. "Makina athu sawelenga mapepala."

Anagwirizana motere: Lachisanu la sabata yotsatira anamwino adzapita ku kachipatala ka tsidya la Chamatope kukapima aliyense wobwera, osafunsa kwawo. Mankhwala a miyezi itatu adzatumizidwa molingana ndi opimidwawo. Wapampando anatsindika kuti amene sadzabwera, komiti siimudziwa. Panjira yobwerera ku ofesi Racheal anamugwira dzanja Faides, ndipo anayenda choncho mpaka kumsika.

Tsono nkhani yonse inatsalira pa Mateyu. Faides anamuchonderera sabata yathunthu, koma bamboyo ankangoti, "Ndamva, mayi," n'kupitiriza kuthirira nazale ya fodya.

Lachisanu kunacha kofunda, mphepo itaima. Anthu a pa lipoti aja anabwera atavala za kutchalitchi, nakhala pamzere pansi pa mtengo wa mango. Antchito sanabwere. Pofika masana Faides anawaona patali, m'mphepete mwa munda wa sukulu, ataima awiriawiri pansi pa mitengo ngati anthu oonerera maliro a mudzi wina. Palibe ankasuntha. Galimoto la anamwino linali ndi chizindikiro cha boma pachitseko, ndipo chimenecho chinali chokwanira.

Kenako kunatulukira njinga. Ezron anakhala pa kaliyala, phazi lokulungidwa lili m'mwamba, Mateyu akukankha. Atafika pa mpanda Mateyu anamutsitsa bwana wake, anamupatsa ndodo, natembenuza njinga. Namwino anaitana dzina la Ezron. Ezron anayang'ana uku ndi uku, kenako anakhala pansi m'fumbi, pakhomo penipeni pa mpanda.

"Sinilowa," anatero mokweza, kuti a pamzere onse amve.

"Awiske Danwell, musanichititse nsoni," anatero Faides.

"Nilowelenji? Akanipatsa nizajuba chabe, mukudziwa imwe. A Mateyu, bwelani kuno. Munanipapa pa madzi, sin'nakupempheni. Lelo nikupemphani. Mwendo uyu uli m'manja mwanu. Mukalowa ukhala, mukabwelela uyenda. Sankhani imwe."

Mateyu anaima, manja ali pa handulo. Anayang'ana njira imene anadzera, anayang'ana galimoto, kenako anayang'ana phazi lija nthawi yaitali. Patali kunagunda bingu lofatsa. Mateyu anatsamiritsa njinga ku mpanda, anavula chipewa, nalowa ngati munthu wolowa m'khoti.

Namwino anamufunsa dzina ndi zaka, basi. Anamubaya chala, anayang'ana kamakina, anapukusa mutu, namufunsa kuti wakhala bwanji wamoyo nthawi yonseyi. Patapita kanthawi Mateyu anatuluka ndi kathumba kodzaza, kolembedwa dzina lake. Anaima pakhomo akukatembenuza, kenako anakakweza m'mwamba kuti a kumunda aja aone. Antchito aja anayamba kubwera mmodzimmodzi, akuyang'ana m'mbuyo. Sanabwere onse. Pa makumi atatu ndi mmodzi anafika khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo otsalawo amamuwawabe Faides mpaka lero.

Bokosi lalikulu linadzafika sabata yotsatira, mlatho watsopano ukadali chilili, ndipo Disembala atatha Faides anabweza njinga ku ofesi n'kubwerera ku zigafa. Koma akamakamba za miyezi yake ya uintani satchula bokosi, satchulanso mabwana. Amakamba za madzulo a Lachisanu lomwelo.

Anali atakhala pakhonde, dzuwa likulowa m'mitambo, madontho oyamba akuboola fumbi la pabwalo. Faides anabweretsa madzi m'kapu. Ezron anatulutsa piritsi, analiika pabondo, ndipo dzanja lake lamanja linapita lokha m'thumba kukafuna kampeni. Faides analigwira dzanjalo.

"Mezani lonse."

Ezron anayang'ana ku chigafa. Mateyu anali ataima pakhomo pa kanyumba kake, kapu yake ili m'manja, mutu ataukweza kumwamba akumeza. Ezron anaponya piritsi m'kamwa, anamwera madzi, maso anatong'oka, khosi linavutika kawiri.

"Mayo ine!" anatero, akudzigunda pachifuwa. "Kansi ni likulu so?"

Faides anaseka, anaseka mpaka anatsamira chipupa, ndipo sanadziwe kuti kuseka kunathera pati, chifukwa Ezron atamutembenukira anamupeza akulira, dzanja lija asanalisiye.